Boma Likakulakwirani: Njira Yochokera M'chitokosi Kukafika pa Chipukuta Misozi

Mphwanga amapalasa kabaza. Lachisanu lina chakumadzulo apolisi anasesa anyamata pa siteji pawo, iye n'kukhala mmodzi mwa oponyedwa m'galimoto. Anatuluka m'chitokosi Lachitatu, khoti osaliona, mlandu osauzidwa, dzanja lamanja litatupa mpaka zala osapindika, msana uli mikwingwirima yokhayokha. Amayi atamuona anagwetsa misozi, kenaka anati, "Bola wabwera wamoyo, mwana wanga. Boma salimbana nalo." Anatereka madzi n'kumuthowa, tinamugulira mapilitsi pa okala, nkhani n'kuthera pomwepo. Patapita miyezi isanu, dzanja lija likukanabe kugwira buleki, m'pamene tinayamba kufunsa kwa anthu odziwa malamulo. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Kabuku ka kuchipatala kali kuti?" Tinalibe. "Chithunzi cha mabalawo?" Tinalibe. "Nanga anzake amene anagona nawo m'chitokosimo mukuwadziwa mayina?" Tinangoyang'anizana.

Zimandiwawabe mpaka lero, chifukwa mlanduwo sitinaluze kukhoti. Tinautaya tokha pakhomo, m'masiku atatu oyambirira, kaamba ka kusadziwa. Malangizowa ndalembera inu amene m'bale wanu wamenyedwa, watsekeredwa popanda chifukwa, wagwiriridwa kapena wafera m'manja mwa anthu a boma, kuti musayende njira imene ife tinayenda.

Ngongole ya boma kwa inu

Tiyambe ndi mawu aja akuti boma salimbana nalo. Akuluakulu athu sanawatole panjira. Anakhala zaka 30 m'nthawi imene munthu amatengedwa usiku, abale osayerekeza n'kufunsa komwe. Koma malamulo oyendetsera dziko amene tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1994 anasintha zimenezo. Gawo 15 likuti nthambi zonse za boma zili ndi udindo wolemekeza ndi kuteteza ufulu wachibadwidwe wa munthu aliyense. Gawo 19 likuletsa kuzunza munthu kapena kumuchita zomuchotsera ulemu, ndipo lamulo limeneli silikhala ndi nyengo: kaya kuli zipolowe, kaya munthuyo wabadi, kumuzunza n'koletsedwa basi. Gawo 41 likupatsa aliyense ufulu wokafika kukhoti n'kupeza chithandizo chenicheni, ndipo gawo 46 likupatsa makhoti mphamvu yolamula kuti munthu wophwanyiridwa ufulu alipidwe.

Ndiye udindo wa boma uli patatu. Lisakuphwanyireni ufulu lokha. Likutetezeni kwa ena ofuna kukuphwanyirani. Ndipo zikalakwika, lifufuze, lizenge mlandu wolakwayo, likonze zimene zaonongeka. Chipukuta misozi chotero si chifundo cha bwana wina wamtima wabwino ayi. Ndi ngongole.

Ngongoleyi siifa boma likasintha. Aleke Banda anakhala m'ndende zaka 12 osazengedwa mlandu. Orton Chirwa ndi mkazi wawo Vera anagwidwa mu 1981 n'kuweruzidwa kuti aphedwe; bambowo anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, mayiwo anatuluka mu 1993. Pamene bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu lomwe likulu lake lili ku Banjul linkagamula nkhani yawo, dziko lathu linali ndi boma latsopano kale, koma bungwelo linati boma latsopano limalandira pamodzi ndi mpando milandu ya boma limene lachoka. Kusowa ndalama nakonso si pothawira. Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi Gable Masangano wodandaula za kuthithikana ndi kuchepa kwa chakudya m'ndende, khoti linakana mawu akuti dziko ndi losauka, n'kulipatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Kuti boma silinakwaniritse n'zoona, ndipo n'zomvetsa chisoni, koma chigamulocho chilipo ndipo maloya amatsamirabe pa icho.

Choyamba: munthu akadali m'chitokosi

Pitani kupolisiko tsiku lomwelo, ndipo musapite nokha. Tengani munthu wachikulire wodekha mtima, kaya ndi malume, kaya ndi mkulu wa mpingo kapena wa kumzikiti. Lankhulani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo: "Bwana, tabwera kudzamva za mwana wathu. Wamangidwa pa mlandu wanji, ndipo akum'fufuza ndi bwana uti?" Lembani dzina la wapolisiyo, nthawi imene munthu wanu anagwidwa, ndi nambala imene nkhaniyo yalembedwa m'buku la pakauntala lomwe iwo amati OB. Kukalipa pakauntala kumangowonjezera mavuto a amene ali mkati.

Gawo 42 ndi loyenera kulidziwa pamtima. Munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, wolankhula ndi loya, woonedwa ndi abale ake ndi dokotala, komanso wosakakamizidwa kuvomera mlandu. Asanathe maola 48 akaonekere kukhoti. Maolawo akathera usiku, Loweruka, Lamulungu kapena pa tchuthi, ndiye kuti tsiku loyamba limene khoti litsegule. Wogwidwa Lachisanu madzulo ayenera kuonekera pamaso pa majisitireti Lolemba. Mphwanga anasungidwa mpaka Lachitatu, ndiye kuti masiku awiri omalizawo boma linalibiretu chonena.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti "pezani kangachepe tim'tulutse", dziwani kuti ndi chiphuphu, ndipo mukapereka mwadzimanga nokha miyendo pa mlandu umene mudzafune kusuma mawa. Mwana wosakwana zaka 18 sayenera kugonekedwa pamodzi ndi akuluakulu, ndipo makolo ake ayenera kudziwitsidwa msanga.

Maola 48 akadutsa, funsani kukumana ndi mkulu wa polisiyo. Zikakanika, fufuzani alangizi a zamalamulo amene amayendera zitokosi ndi ndende, monga a bungwe la PASI kapena la CHREAA, kapena pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa osowa. Loya angathe kupempha khoti kuti munthuyo abweretsedwe pamaso pa woweruza kapena atulutsidwe, ndipo pempho lotere silidikira miyezi. Ngakhale amene ali pa rimandi ali ndi malire ake: kuyambira 2010 malamulo amati masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha, pokhapokha khoti litaonjezera.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amachiphonya chifukwa cha mantha. Womangidwayo akangoima pamaso pa majisitireti koyamba, anene kuti anamenyedwa, aonetse mabala, apemphe kuti zilembedwe m'faelo ya khoti ndiponso kuti atumizidwe kuchipatala. Chifukwa chake n'chakuti kwathu kuno lamulo la kazengedwe ka milandu, pa gawo 176, limalola kuti sitetimenti yovomera mlandu ilandiridwe ngati umboni ngakhale mwini wake akuti anamukakamiza. Khoti ndiye limadzaunika pambuyo pake ngati ndi yoona. Ndiye musaganize kuti sitetimenti yosainidwa ndi zibonga idzangotayidwa yokha. Mawu onenedwa tsiku loyamba, mabala akadali atsopano, amalemera kuposa onenedwa chaka chitatha.

Chachiwiri: kuchipatala, lero lomwe

Apa m'pamene pagona mlandu wonse. Thupi limachira, ndipo likamachira limafufuta umboni. Munthu akangotuluka, asanapite n'kunyumba komwe ngati n'kotheka, mutengereni kuchipatala cha boma kapena cha mishoni ali ndi kabuku kake. Akafika kwa dokotala asabise. Ambiri amati "ndinagwa" kapena "ndinavulala pa njinga" poopa kutchula apolisi, osadziwa kuti mawu amenewo akalembedwa m'kabuku loya wa boma adzawawerenga mokweza kukhoti. Anene chilungamo: "Adokotala, anandimenya ndi chibonga pamsana ndi kumapazi, anandimanga unyolo usiku wonse." Pemphani kuti bala lililonse lilembedwe, pamene lili, kukula kwake, ndiponso kuti pakhale deti, dzina la wopimayo ndi chidindo cha chipatala. Ngati pali kukayika kuti fupa lathyoka, limbikirani kujambulidwa, ndipo chithunzicho muchisunge.

Kawirikawiri kuchipatala amafunsa kalata ya kupolisi. Vuto ndi lodziwikiratu: mukaitenge bwanji kwa anthu omwe akumenyani? Pitani kupolisi ina, kapena ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ija amati Victim Support Unit. Akakukanizani, lembani dzina la wokanayo ndi tsiku lake, n'kubwerera kuchipatala kukalandira chithandizo basi. Zolembedwa m'kabuku ndi umboni pazokha, ndipo munthu wovulala kwambiri sayenera kudikiritsidwa chifukwa cha kalata.

Jambulani mabalawo ndi foni masana, poyera. Chithunzi chimodzi chionetse nkhope ndi bala pamodzi, kuti pasadzakhale wonena kuti msanawo ndi wa munthu wina. Pa zinazo ikani bokosi la machesi kapena ndalama yachitsulo pambali pa bala kuti kukula kwake kuoneke. Jambulaninso pakapita masiku awiri kapena atatu, chifukwa pakhungu lathu mikwingwirima ina imachedwa kuonekera. Tumizani zithunzizo kwa abale awiri pa WhatsApp, koma zenizenizo musazifufute m'foni. Pa Facebook musathamangirepo. Mukatero mukhoza kuchenjeza olakwawo kuti akonze mabuku awo, ndiponso mwini thupi angadzamve manyazi amene simunawaganizire.

Ngati ndi nkhani yogwiriridwa, nthawi ndi yochepa kwambiri. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, aja amati PEP, amagwira ntchito akayambidwa asanathe maola 72, ndipo kufulumira kwake ndiye ubwino wake. Alipo mankhwala oletsa pathupi ndi a matenda ena opatsirana. M'zipatala zikuluzikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, muli malo otchedwa Chikwanekwane pomwe dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi, kuti munthu asamafotokoze zowawa zake khomo ndi khomo. Ngati angathe, apite asanasambe. Ngati wasamba kale, apitebe. Zovala zisachapidwe, zikulungidwe m'pepala kapena m'envulopu, osati m'jumbo, poti m'pulasitiki zimachita nkhungu. Ndipo inu abale, mawu oyamba kuchoka pakamwa panu asakhale akuti "umakatani kumeneko?" Mawu amenewo atseka pakamwa amayi ndi atsikana ambiri kuposa mmene mfuti ikadachitira.

Chachitatu: lembani zonse mutu usanaiwale

Gulani kope latsopano. Usiku womwewo, wovulalayo afotokoze, wina alembe: tsiku, nthawi, malo, apolisi anali angati, ovala yunifolomu kapena ayi, mayina kapena mayina ongoitanirana amene anawamva, nambala ya galimoto, chipinda chimene anamenyedweramo, chimene anamenyedwa nacho, mawu amene ananenedwa. Lembani katundu amene analandidwa, foni, ndalama, njinga, ndi ngati anapatsidwa lisiti. Lembani mayina ndi manambala a mboni, makamaka ogona nawo m'chitokosi ndi ogulitsa malonda amene anaona akugwidwa, chifukwa anthu otere amasamuka msanga.

M'kope lomwelo muzilemba ndalama iliyonse imene yatuluka chifukwa cha nkhaniyi: thiransipoti, mankhwala, masiku amene ntchito yaima ndi ndalama zimene munthuyo amapeza patsiku. Malisiti muwamate momwemo. Khoti limabweza ndalama zotere pokhapokha zitaonetsedwa ndi umboni. Pepala lililonse lipangidwe fotokope, ndipo ofesi iliyonse imene mupite muzisiyako fotokope, lenilenilo likhale kunyumba.

Ngati munthu wamwalira

Ndikudziwa kuti pamaliro mtima umafuna kuika m'bale mwaulemu, anthu abalalike, zithe. Adzukulu amakhala akudikira, chakudya cha pasiwa chikutha. Komabe imfa ya m'chitokosi kapena m'ndende siikidwa m'manda mothamanga. Malamulo amafuna kuti imfa yotere ifufuzidwe pamaso pa majisitireti, ndipo banja lili ndi ufulu wopempha kuti thupi lipimidwe ndi dokotala wodziwa za imfa. Mwini mbumba kapena wina wolimba mtima aone thupi lonse lisanasambitsidwe, ajambule, ndipo banja lipemphe kope la lipoti la dokotala.

Nkhani ya Buleya Lule ndi yotiphunzitsa. Bamboyu anamwalira m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019, akuganiziridwa pa mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Dedza. Chimene chinaulula zoona ndi kupimidwa kwa thupi lake ndi katswiri Charles Dzamalala, amene anapeza kuti munthuyo anazunzidwa ndipo anaphedwa ndi mphamvu ya magetsi. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission linafufuza n'kutulutsa lipoti, ndipo kumapeto kwa 2024 khoti lalikulu linapeza apolisi 6 olakwa pa mlandu wakupha n'kuwatumiza kundende. Zinatenga zaka zoposa zisanu. Paja amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, koma pa nkhani iyi mkhate sunamuteteze, ndipo chinatheketsa ndi lipoti la dokotala lija.

A boma akakubweretserani bokosi, galimoto ndi matumba a ufa, landirani ngati mukuzisowa, koma musasaine pepala lililonse lonena kuti nkhani yatha. Tengani chiphaso cha imfa. Pokasuma, loya adzakuuzani za kalata ya khoti yosankha woyang'anira chuma cha masiye. Ndipo abale akuchimuna akumbukire kuti ndalama zikadzabwera, oyamba ndi mkazi wa malemu ndi ana, amene ankadya thukuta la munthuyo.

Chachinayi: kokatula dandaulo

Maofesi atatu amalandira madandaulo kwaulere, koma ntchito zawo n'zosiyana, ndipo kugogoda pakhomo lolakwika kumadya miyezi.

Ngati wolakwa ndi wapolisi, khomo loyamba ndi Independent Complaints Commission. Bungweli linalembedwa m'lamulo la apolisi la 2010, koma linayamba ntchito mu 2020, patatha zaka khumi anthu akulilira. Silili pansi pa mkulu wa apolisi. Ntchito yake ndi kufufuza imfa ndi kuvulala kochitika m'chitokosi kapena chifukwa cha zochita za apolisi, n'kupereka maganizo ake kuti wolakwa azengedwe mlandu kapena alangidwe pantchito.

Malawi Human Rights Commission imalandira nkhani iliyonse ya kuphwanyidwa kwa ufulu, kaya wolakwa ndi wapolisi, msilikali, woyang'anira ndende kapena wina aliyense. Imafufuza ndi kulangiza, koma si khoti, ndiye singalamule kuti mulipidwe. Musainyoze chifukwa cha zimenezo. Mu October 2019, wapolisi wina ataphedwa pa zipolowe ku Msundwe, apolisi anachita nkhanza zogwirira amayi ndi atsikana ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Lipoti la bungweli ndi limene linakhala msana wa mlandu umene bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association linakasuma, ndipo mu August 2020 Justice Kenyatta Nyirenda analamula kuti amayi ndi atsikana 18 alipidwe ndiponso kuti nkhaniyo ifufuzidwe moyenera. Amayi aja anali anthu wamba a kumudzi. Chimene chinawanyamula n'chakuti anayenda pamodzi, ndipo nkhani zawo zinalembedwa msanga.

Ofesi ya Ombudsman ndi ya nkhani za kayendetsedwe kolakwika ka maofesi a boma: kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo, penshoni yosatuluka, faelo yosowa, kunyozedwa kapena kusasamalidwa kuchipatala. M'zipatala za boma mulinso ma Ombudsman a chipatala olandira madandaulo a odwala. Nkhani imene ili kale kukhoti saitenga. Kumbukiraninso gawo 43: ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu, muli ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zake polemba. Pemphani kalata imeneyo.

Kulikonse kumene mungapite, dandaulo likhale lolembedwa, ngakhale m'Chichewa, pamasamba awiri okha: ndinu yani, chinachitika n'chiyani, liti, kuti, anachita ndani, umboni ndi uti, mukufuna chiyani. Pemphani kuti akudindireni pa fotokope yanu kusonyeza kuti alandira, ndipo funsani dzina la amene agwire nkhaniyo. Pakatha milungu iwiri kuli zii, imbani foni kapena pitaniko. Maofesiwa ali ndi antchito ochepa ndi mafaelo ambiri. Faelo imene mwini wake amaonekera ndi imene imakhala pamwamba.

Chachisanu: loya ndi khoti

Kumudzi timati mlandu suola. Kukhoti umaola. Pa nkhani ya kuvulazidwa m'thupi, dziikireni malire a zaka zitatu. Milandu ina imapatsidwa zaka zisanu ndi chimodzi, koma musayese mwayi. Kupempha khoti lalikulu kuti liunikenso chiganizo cha ofesi ya boma kumafunika kuchitika isanathe miyezi itatu. Ndiye musadikire kuti mabungwe aja amalize kufufuza musanaonane ndi loya. Njira ziwirizi zimayenda limodzi.

Ngati mulibe ndalama, Legal Aid Bureau ndi ofesi ya boma yopereka maloya kwa osowa, ndipo ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Amaunika kapezedwe kanu. Ena amathandizidwa ulere, ena amapemphedwa kuikapo pang'ono. Mukasankha loya woima payekha, gwirizanani malipiro ake polemba musanayambe, kuti tsiku la ndalama lisadzakhale tsiku la mkangano wina.

Mlandu wosumira boma umalembedwa m'dzina la mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, Attorney General, osati la wapolisi yekhayo, chifukwa boma limayankha pa zimene antchito ake achita ali pantchito. Musanasume, lamulo limafuna kuti ofesi imeneyi ipatsidwe kalata yoidziwitsa, yotchula dzina lanu, kumene mumakhala, chimene chinachitika ndi chimene mukufuna, kenaka padutse miyezi itatu. Milandu yabwinobwino yagwapo chifukwa cha kuiwala kalata imeneyi. Loya ndiye amailemba, koma inu funsani kuti muone fotokope yake yodindidwa.

Milandu yake ili ndi mayina: kutsekeredwa popanda chifukwa chovomerezeka, kumenyedwa, kuzengedwa mlandu mwanjiru, ndi kuphwanyidwa kwa ufulu wa m'malamulo oyendetsera dziko. Wa kuzengedwa mwanjiru umafuna kuti mlandu umene anakunamizirani uja ukhale utatha mokomera inu, ndiye sungani chigamulo kapena kalata yosonyeza kuti munamasulidwa. N'chifukwa chake ndimadandaula ndi anyamata amene amavomera mlandu woti sanapalamule, n'kulipira chindapusa kuti angotuluka. Ndikumvetsa, m'chitokosi simokhala, koma kuvomerako kumatseka khomo limeneli. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anagwidwa m'bandakucha akupita kumsika wa Limbe, sanavomere mlandu wa vakabu, ndipo mu 2017 khoti linathetsa gawo la lamulo limene apolisi ankagwirira anthu oyenda usiku. Mu 2022 khoti lalikulu ku Zomba linagamulanso kuti kusesa anthu mwachisawawa, monga anachitira ndi mphwanga, n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Pouza loya zimene mukufuna, musaime pa ndalama zokha. Mu 2005 bungwe la United Nations linagwirizana mfundo zonena kuti kukonza cholakwa kuli ndi mbali zisanu, ndipo zonsezi mukhoza kuzipempha. Pali kubwezeretsa munthu pamene anali: ufulu wake, ntchito yake, njinga yake, munda wake. Pali kulipira zimene sizingabwezeretsedwe. Pali kuchiritsa, kutanthauza chithandizo cha kuchipatala ndi uphungu, poti munthu wozunzidwa amadzidzimuka usiku zaka zambiri mabala atapola. Pali kupepesa poyera, kuulula zoona ndi kulanga olakwa. Ndipo pali kusintha zinthu kuti zisadzachitikirenso wina. Ndamvapo mayi wina wachikulire akunena kuti ndalama akuzifuna ndithu, koma chimene chingamugoneke tulo n'kumva boma likunena kuti mwana wake sanali wakuba.

Khoti likagamula mokomera inu, pamakhala tsiku lina loti wothandizira oweruza, amene amati Registrar, awerengere kuchuluka kwa chipukuta misozi. Apa m'pamene kope lija, malisiti ndi kabuku ka kuchipatala zimagwiranso ntchito. Mudzafunsidwa masiku amene munatsekeredwa, mmene m'chitokosimo munalili, ululu umene munamva ndi ntchito zimene simungathenso kugwira.

Pamene mukudikira

Sindikunamizani: chigamulo si ndalama m'manja. Katundu wa boma salandidwa monga amachitira ndi munthu wamba, ndiye malipiro amadikira ku Treasury, ofesi yosunga chuma cha boma, nthawi zina zaka. Amene anazunzidwa isanafike 1994 akuzidziwa bwino zimenezi. Bwalo lapadera la National Compensation Tribunal linakhazikitsidwa kuti liwalipire, koma linatsekedwa patatha zaka khumi anthu zikwizikwi asanalandire zawo zonse, mpaka ofesi ya Ombudsman inachita kuikumbutsa nkhaniyo mu 2017. Choncho loya wanu azilemba makalata okumbutsa, inu muzisunga fotokope iliyonse, ndipo boma likafuna kukambirana kunja kwa khoti, musasaine kanthu loya asanakuwerengereni m'chilankhulo chanu.

M'nthawi imeneyi kukhoza kubwera mafoni oopseza, kapena munthu wodzakunyengererani kuti "tingokambirana pachibale". Sungani nambala ndi mauthengawo, lembani m'kope, dziwitsani loya ndi bungwe limene likufufuza tsiku lomwelo. Amfumu ndi anansi odalirika adziwe kuti muli ndi mlandu wotere. Ngati anagwidwa ambiri, yendani pamodzi, monga anachitira amayi a ku Msundwe.

Njira zonse za m'dziko muno zikatha, mpaka ku khoti lomaliza la apilo la Supreme Court, kapena zikachedwetsedwa mopitirira muyeso, khomo lina lili kunja. Malawi ndi limodzi mwa maiko ochepa amene anavomera, mu 2008, kuti munthu payekha akhoza kukasumira boma ku khoti la Africa la ufulu wa anthu ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Bungwe la ku Banjul lija nalonso limalandirabe madandaulo. Kusuma ku Arusha sikulipiritsidwa, koma oweruza ake amayamba ndi kufunsa ngati munayesadi makhoti a kwanu ndiponso ngati simunachedwe chigamulo chomaliza chitaperekedwa. Ndiye tsiku limene chigamulo cha Supreme Court chatuluka, pemphani kope lake lodindidwa, muliike pamodzi ndi mapepala ena aja, n'kufunsa loya wanu kapena bungwe loona za ufulu wa anthu kuti ayambe kulemba pempholo mwezi womwewo.